Mwendo wa a Fanuel

Ntchito yanga yoyamba inali yosenza matabwa kuchokera ku Chambe, pamwamba pa phiri. Amene anakwerako akuidziwa njira yake: miyala yoterera, nkhungu yobwera osaodira, thabwa pamutu likugwedera ngati likufuna kukusiya. Nditakhwima ndinaphunzira kucheka. Wina amaima pamwamba pa chipika, wina m'dzenje, macheka akukwera ndi kutsika pakati panu, ndipo wa m'dzenjeyo amadya utuchi mpaka dzuwa kupendeka. Mnzanga wa pa macheka anali a Fanuel, munthu wamfupi, wa pakamwa posatseka. Pambuyo pake anakwatira mchemwali wanga Esinala n'kukakhala naye kwathu ku Thuchila. Ankauza anthu kuti anamukwatira dala, kuti azidya chakudya cha kwathu pobweza utuchi umene ndinawadyetsa.

Mitengo itayamba kutha paphiri, ntchito nayo inatha. Kunabwera bwana wina amene ankatenga makontilakiti odzala ndi kudula mitengo m'minda ikuluikulu ya makampani, akufuna anthu odziwa nkhalango. Ine ndinalembetsa. A Fanuel anakana, ati Esinala anali ndi pakati ndipo munthu sathawa ntchito imene anaiyamba yekha. Anandiperekeza pa minibasi mpaka pa Muloza, pa malire ndi Mozambique. Tili pakati pa anyamata a kabaza ndi osintha ndalama, anandigwira dzanja nati, "Mukakalemera, alamu, musadzatilonjere m'Chipwitikizi. Kuno tidzakuyankhani ndi miyala."

Ndinawoloka ndikuseka.

Kutsidyako tinkadzala bulugama m'mapiri, kutali ndithu ndi tauni ya Milanje. Ambiri mwa antchito anali Alomwe a komweko. Panali Amalawi ochepa, ndi madalaivala ochokera kumwera kwa dzikolo amene ankalankhula Chishangani ndi Chipwitikizi, n'kumationa tonsefe ngati anthu akutchire. Ukapitawo sindinaupeze chifukwa cha nzeru, ndinaupeza chifukwa cha lilime. Chilomwe ndinayamwira kwa amayi, Chipwitikizi chothyokathyoka ndinatola pa malire, Chingerezi ndinali nacho cha kupulayimale. Bwana akafuna kulankhula ndi anthu ankandiitana, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kunditcha shefi, kutanthauza mkulu wa pantchito.

Ndinaphunzira msanga kuti womasulira samangonyamula mawu, amawasenda kaye. Bwana akakalipa kuti, "Auze alesiwa kuti ndiwathamangitsa onse," ine ndinkati, "Akuti dzuwa lakwera, abale, tiyeni tikokeko pang'ono." Ntchito inkayenda, aliyense osavulala mumtima.

Koma nanenso ndinapsa. Tsiku lina ndinakalipira bambo wina wachikulire chifukwa chodzala mbande mokhotakhota. Ndinawakalipira pagulu, m'Chilomwe choti aliyense amve. Sindinadziwe kuti theka la anthu odzala mu mzere wawo anali akamwini awo ndi adzukulu awo. Kutacha palibe anabwera. Ndinagula tambala n'kuyenda wapansi kukafika kwawo, ndinakhala pansi pabwalo ngati mwana wolakwa. Iwo anandisiya ndidikire mpaka miyendo itachita dzanzi, kenako anatuluka nati, "Mwana wanga, mbande zinali zokhotadi. Koma munthu wa imvi umamuuzira kuseri kwa mtengo." Mawa lake mzere wonse unabwera.

Patapita zaka, bwana anapeza ntchito yaikulu ku Joni, m'mapiri a paini kufupi ndi malire a ku Swazi, ndipo ananditenga. Kumeneko ndiye ndinaona mitundu. Tinkagona mu komponi, nyumba yaitali ya malata, yozizira m'mawa ngati mwagona mumtsinje. M'gulu langa munali Aswazi, Amashangani a ku Mozambique, Azimbabwe, ndi Abasutu awiri amene sankavula mabulangete ngakhale thukuta likutsika. Mtundu uliwonse unali ndi mbaula yake ndi ngodya yake. Tinkamvana m'chinenero chosakaniza cha pantchito, chimene mwini wake palibe. Kumeneko dzina langa linali induna, ndiye kuti kapitawo.

Aliyense anali ndi pomugwirira pake. Wamkulu pa Aswazi anali Baba Mavuso, munthu wamtali, wosalankhulalankhula, amene anadula mitengo ine ndisanamere ndevu. Iwo sunkawalamula. Unkawafunsa kuti, "Baba, mukuona bwanji tikayambira uku?" ndipo akagwedeza mutu, anyamata awo onse ankanyamuka. Nsomba sankadya, ndipo ndikamawotcha usipa wanga ankatuluka panja atagwira mphuno, ati ndikudya njoka zazing'ono. Azimbabwe ambiri anali ophunzira. Tendai, amene ankawalankhulira, anali mphunzitsi wa masamu kwawo zinthu zisanavute. Iyeyu ukamuuza chochita ankafunsa chifukwa chake, ndipo ukamupatsa chifukwa chomveka ankagwira ntchito ya anthu awiri. Amashangani ankagwira ndi nyimbo. Ukawaletsa kuimba, manja nawo ankafooka. Ena ankapembedza Loweruka, ena Lamulungu, ena ankavina usana wonse atavala mikanjo yoyera. Ndinkasinthanitsa masiku kuti aliyense akapemphere, ndipo pa zimenezi ndinkadzitama.

Chinthu chimodzi chokha chinali chofanana pa mitundu yonseyo: diso. Onse ankayang'ana dzanja langa. Ndani wapatsidwa malo osalala, ndani wotsetsereka. Ndani walandira makina odulira atsopano, ndani watsala ndi akale ovuta kuliza. Kapitawo amene analipo ine ndisanafike anachoka atathyoledwa mano, chifukwa malo abwino onse ankapatsa a kwawo. Ine zinkandiyendera chifukwa ndinali Mmalawi ndekha. Ndinalibe womukondera.

Ndiye Esinala anaimba foni. Madzi anali atakokolola munda, ana anali atachuluka, ndipo a Fanuel ankangoyenda maganyu. "Achimwene," anatero, "atengeni alamu anu. Akakhala m'manja mwanu ndikhoza kugona tulo."

Anafika ndi kachikwama kong'ambika ndi phukusi la nyemba za kalongonda. Sabata isanathe komponi yonse inali yawo. Anaphika kalongonda uja n'kupatsa Baba Mavuso, atawauza kuti ndi mankhwala a mphamvu za m'nyumba, ndipo bambo wosaseka uja anaseka mpaka kutsokomola. Abasutu ankawafunsa ngati bulangete amalivula posamba. Chinenero sankachidziwa, koma ankachilankhula basi, molakwitsa, mokweza, anthu n'kumagubuduka. Ine ndinali nditaiwala kuti munthu angathe kuseka m'Chichewa. Madzulo tikaweruka tinkakhala panja pa chipika, iwo akundiuza za kumudzi: amene anamwalira, amene anathawa ndi mkazi wa mwini, ndi mmene phiri layerera mbali ya ku Chambe.

Vuto linali lakuti a Fanuel ankadziwa macheka a manja, osati makina. Ndinawatumiza kukaphunzira, analandira pepala lake, komabe dzanja linali lisanazolowere. Choncho ndinawaika pa ntchito zopepuka: kusenza mafuta, kuyeza zipika, kusadza nthambi ndi nkhwangwa. Aliyense watsopano ndinkamuyambitsa chomwecho. Koma aliyense watsopano sanali mlamu wanga. Ndinayamba kuona kuti ndikamayandikira, nkhani zikuduka. Anthu omwe ankaseka ndi a Fanuel madzulo, m'mawa ankawerenga mitengo imene a Fanuel sanadule.

Nthawi imeneyo kunawomba chimphepo chimene chinagwetsa mitengo yambiri pamalo ena otsetsereka, kumunsi kwa msewu. Mitengo inagwerana, ina pamwamba pa inzake, ina itapindika mizu ikadali m'nthaka. Pa ntchito yathu palibe choopsa kuposa chimenecho. Mtengo wopindika umakhala ngati msampha wotchera: ukaudula polakwika umafwamphuka, ndipo suona kumene ukupita. Tinkatsikirako mosinthana, ndipo palibe ankakondwa ikafika nthawi yake.

M'mawa wina tili pa lole, ndikugawa malo, Tendai anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Induna, funso limodzi. Pa sukulu imene ndinkaphunzitsa, mwana wa ahedi nayenso ankasesa. Kuno mlamu wa induna amasesa liti?"

Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. A Fanuel sanamve bwino chinenerocho, koma dzina la mlamu analimva, ndipo anayang'ana kwa ine. Ndinaona gulu lonse limene ndinalimanga movutikira lili pa nsonga, likudikira pakamwa panga. Ndinakumbukira mano a kapitawo uja.

Ndinati, "A Fanuel, lero mutenga makina. Mutsikira kumunsi ndi Baba Mavuso."

"Mwandikweza udindo, alamu?" anatero m'Chichewa, akumwetulira. Ananyamula makina n'kuvala chisoti.

Baba Mavuso anandiyandikira. Iwo anachita zimene ine ndinaphunzitsidwa kale: analankhula motsitsa, kuti ena asamve. "Induna, uyu sanakhwime. Mupatse mwezi wina."

Ine ndinayankha mokweza, dala, kuti lole yonse imve. "Baba, pano palibe mlamu. Pali antchito basi."

Baba Mavuso anatembenuka n'kutsika.

Dzuwa lisanafike pamutu tinamva phokoso ngati mfuti, kenako makina amodzi anazima. Pa ntchito imeneyo khutu limadziwa kusiyana kwa makina ozimitsidwa ndi makina ozima okha. Ndinathamanga kutsetsereko ndikugwa ndi kudzuka. Ndinawapeza a Fanuel ali chagada, thunthu la paini litawapana mwendo wamanzere pa chitsa. Baba Mavuso anali atagwada pambali pawo atawagwira mutu.

Woyamba kulowetsa phewa pansi pa mtengo anali Tendai. Ena anadula mitengo yotukulira thunthulo, aliyense akukuwa m'chinenero chake, osamvana, wina akukweza wina akutsitsa. Kenako Mshangani wina anayambitsa nyimbo yawo yonyamulira katundu, ija wina amaitana ena n'kuvomera. Tonse tinaivomera, ngakhale ife osadziwa mawu ake, ndipo pa kuvomera kwachitatu thunthu linanyamuka. Tendai anavula lamba wake n'kumanga ntchafu. Mmodzi wa Abasutu aja anavula bulangete, koyamba chimuonereni, tinawagonekapo n'kukwera nawo phiri.

A Fanuel nkhope inali itatuwa ngati phulusa. Anandikoka malaya, ndinawerama.

"Alamu," ananong'ona, "jombo ija ndi ya kampani. Asadzandidule malipiro."

Ku chipatala anadula mwendo pansi pa bondo.

Kunabwera anthu ofufuza za ngozi. Anayang'ana mapepala, anayang'ana zovala, anafunsa aliyense. Anapeza kuti munthuyo anali ndi pepala la maphunziro, anavala zonse zoyenera, ndipo anali ndi munthu wodziwa pambali pake. Panalibe wolakwa. Bwana anandisisita paphewa nati ndisadzivutitse, nkhalango ndi choncho. Ine ndinaimbira Esinala tsiku lomwelo la ngozi n'kumuuza zonse, funso la Tendai, chenjezo la Baba Mavuso, ndi mawu amene ndinayankha. Sindinabise kanthu. Anamvetsera mpaka nditamaliza. Kenako anati, "Ndamva, achimwene." Basi.

Atachira, a Fanuel anakwera basi ya kumudzi ndi ndodo ziwiri. Gulu lonse linawaperekeza. Tendai ananyamula chikwama, akulira poyera ngati mwana, ndipo a Fanuel ndi amene ankamutonthoza, ati asadandaule, tsopano sopo azitha pang'ono chifukwa posamba pachepa. Ine ndinawakhazika pampando, ndinaika ndodo zawo bwinobwino pansi, ndinawauza kuti ndibwera posachedwa.

Chimene chinachitika pambuyo pake ndi chimene chimandisowetsa mtendere kuposa ngoziyo. Gulu lija linasanduka banja limodzi. Mbaula zinasunthidwa n'kuikidwa pamodzi. Mswazi ankadya ndi Mzimbabwe, Msutu akuimba za Chishangani. Palibe anawerenganso mitengo ya mnzake. Tendai sanandifunsenso chifukwa cha chilichonse. Ndikati pita uko ankapita, ndipo zimenezo zinkandiwawa, chifukwa mafunso ake ndinkawakonda. Tinkamaliza ntchito msanga kuposa magulu ena onse.

Nkhani inafalikira. Bwana ankaiuza azungu anzake monyadira: induna wanga sakondera, ngakhale mbale wake anamutumiza kotsetsereka. Anayamba kunditumiza kumene magulu akukangana. Ndinapita ku Swazi kukagwirizanitsa anthu a komweko ndi obwera. Ndinabwereranso ku Mozambique, kumpoto kwenikweni, kumene kunali Ayao, Amakua ndi Atanzania amene sankapatsana ndi madzi omwe. Kulikonse ndinkapeza nkhani yanga yafika kale. Ndikatsika galimoto ndinkaona anthu akugwedezana ndi zigongono: ndi ameneyu. Ndikagawa malo palibe ankang'ung'udza. Ntchito imene akapitawo ena ankaigwira ndi ukali ndi ziopsezo, ine ndinkaigwira ndi mawu ochepa. Ankandimvera chifukwa cha mwendo wa a Fanuel, ndipo ine ndinkadziwa, ndipo ndinkalandira malipiro ake mwezi ndi mwezi.

Mnyamata wina wa ku Tanzania anandifunsa tsiku lina pa nthawi ya chakudya, maso ali ngwee ndi ulemu, ngati zinali zoona. Ndinati zoona. Iye anati, "Ndikadzakhala kapitawo ndidzachita ngati inu." Ndinaika mbale pansi. Ndinamuuza kuti munthu wosakhwima sapita pa mitengo yogwa ndi mphepo, kaya ndi mbale kaya ndi mdani. Anavomera, koma ndinaona kuti nkhani imene anaikonda ndi yoyamba ija.

Kumudzi ndinkatumiza. Malata a nyumba ya Esinala, fizi ya ana, feteleza nyengo yake ikafika. Sindinadumphepo. Koma ndekha sindinkafikako. Mkazi wanga ndi ana anga ankakhala kwawo, kufupi ndi Likhubula, m'munsi mwa phiri, ndipo zaka zina pa Khirisimasi ndinkabwera kudzawaona. Kuchokera pamenepo kukafika ku Thuchila munthu amapalasa njinga n'kubwerako tsiku lomwelo. Chaka chilichonse ndinkati mawa ndipita. Mawa likafika ndinkapeza chifukwa: mvula, chimfine, msonkhano wa kutchalitchi. Tsiku lonyamuka likayandikira ndinkamanga phukusi la shuga, sopo ndi mafuta ophikira, n'kutuma mwana wanga wamkulu kuti akasiye kwa azakhali ake. Ine amene ndinayenda wapansi ndi tambala kukapepesa kwa munthu wachilendo, njira ya kwa mchemwali wanga inandikanika.

Mkazi wanga anandiuzapo kamodzi. "Bambo a ana, anthuwo akudziwa kuti mwabwera. Thuchila si kunja." Ndinamuyankha kuti sakudziwa za amuna. Sanabwerezenso.

Chimene chinandibweza kwathu ndi thupi. Msana unayamba kukana, ndipo khutu limodzi linatseka ndi phokoso la makina. Bwana anandichitira phwando, panali nyama ndi zolankhula, ndipo nkhani ija inanenedwanso, anthu n'kuwomba m'manja. Ndinabwera ndi masutikesi awiri ndi wailesi. Ndinakhala kwa mkazi wanga mpaka chimanga chimene ndinachipeza chikumera chinayamba kuchita ngaiyaye. Kenako m'mawa wina ndinangotulutsa njinga osauza munthu.

Esinala sindinamuzindikire msanga. Ndinamusiya ali mtsikana wamanyazi, wolankhulira pansi. Amene ndinamupeza anali mayi wa manja olimba, akukangana ndi woyendetsa ngolo za mtengo wonyamulira matumba a nandolo. Zaka zonsezi ankachita geni, kuwoloka pa Muloza ndi zitenje n'kubwera ndi nyemba, ndipo Chipwitikizi chake chinali choposa changa. Atandiona anasiya mkangano uja. Anatuma mtsikana kuti atulutse mpando, uja wa alendo, nauika pamthunzi patali ndi khonde. Anagwada chapatali.

"Takulandirani, a induna."

Ana anabwera kudzapereka moni mmodzimmodzi, ena ataliatali kundiposa. Wamng'ono anafunsa amayi ake monong'ona kuti bambowa ndi ndani. Esinala anati, "Ndi amalume ako. Aja a shuga."

Titatsala awiri ndinayesa kuyamba nkhani, koma iye anandidula.

"Ndili ndi funso limodzi, achimwene, ndalisunga nthawi yaitali. Akanakhala Mzimbabwe, kapena Mswazi, wosakhwima chimodzimodzi, mukanamutumiza kumunsi kuja?"

"Ayi."

"Ndinkadziwa. Ndimangofuna ndimve pakamwa panu." Anaimirira n'kukung'untha chitenje. "Malata anu sadontha, zikomo. Alamu anu ali kumsika."

Ndinawapeza pansi pa kashedi, pakati pa njinga zogadamitsa, akumata chubu. Imvi zinali mbuu. Mwendo wopanga anali atauvula n'kuutsamiritsa pa benchi, utavala nsapato yake. Atandiona anaponya chubu pansi n'kukuwa msika wonse kumva.

"Anthuni, bwerani mudzaone! Akufa auka! Alamu, ife timamva kuti munakwatira mwana wa mfumu ya ku Swazi, mukuweta ng'ombe za apongozi!"

Anandikumbatira atakhala pomwepo. Anandionetsa kwa anyamata a kabaza, kwa amayi ogulitsa zitumbuwa, kwa aliyense wodutsa. Anandionetsanso mwendo uja, ati dzina lake ndi Joni, sumva minga, sulumidwa ndi njoka, ndipo akakangana ndi Esinala amautumiza wokha kukagona kwa anzake. Ndinaseka nawo mokakamiza. Ndikanakonda akanandiponyera sipanala.

Ndinaona kuti pachitsa cha mwendo panali bala. Mwendo wopangawo unali utakalamba ndipo unkawapweteka. Anati akuyenera kukaonana ndi a chipatala ku boma, koma akudikira kuti ntchito ichepe. Ndinati ndidzawatenga ine. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi nati, "Induna wathunthu kusanduka kabaza? Koma dziko latha."

Tsikulo ndinafika m'mamawa. Ndinamanga katsamiro pa kaliyala, anakwera, ndodo ataigoneka pamiyendo. Msana unkandiwawa koma sindinanene. Phiri linali kumanzere kwathu, loyera bwino, mitambo itangokhala pamwamba pa Chambe. Tili m'njira anayamba kufunsa za anzathu, mmodzimmodzi, mayina onse akuwakumbukira. Ndinawauza kuti Baba Mavuso anamwalira, ndipo ndinapita ku maliro awo, anthu anadzaza phiri lonse. Abasutu aja mmodzi anagula nkhosa n'kubwerera kwawo. Tendai anabwerera ku uphunzitsi, ndipo mwana wake wamwamuna anamutcha Fanuel.

"Mwana wa mphunzitsi wa masamu kutenga dzina langa? Ameneyo alephera mayeso," anatero. Kenako anafunsa, "Nanga gulu lija linayenda bwanji nditachoka?"

"Linayenda bwino. Kuposa kale."

"Ndiye mwendo unagwira ntchito."

Ndinapitiriza kupalasa. Mawu amene ndinawakonza zaka zambiri, m'makomponi a maiko atatu, anali pakamwa. Ndinati, "Alamu, za tsiku lija. Baba Mavuso anandichenjeza, ine ndi..."

"Imani."

Ndinayesa kuti bala lawawa. Ndinaima pambali pa msewu, pansi pa mtengo wa mango. Anatsika mosamala n'kukhala pa muzu, mwendo wopanga atautambasula. Ananditchula dzina langa lenileni, limene sanalitchulepo chikwatirireni Esinala.

"Za mwendo musandiuze. Ndinaulira chaka chathunthu, ndinatopa nawo. Mtengo ulibe maso. Ndipo ine sindine mwana, ndinaona mmene anthu aja ankakuyang'anirani pa lole. Mwina ndikanakhala ine ndikanachitanso chomwecho, kaya. Esinala ndiye sadzakukhululukirani za mwendo, ameneyo musiyeni, ndi ufulu wake."

Anatola kamtengo n'kumakanda pansi.

"Koma ine ndinkamva kuti mwafika kwa akazi anu. Nkhani siichedwa, a kabaza amanena. Ndikamva choncho ndinkameta ndevu. Ndinkamuuza Esinala kuti nkhuku yakuti asagulitse. Ndinkatseka shedi msanga, kuopa kuti mungandipeze kulibe. Ndinali ndi nkhani zambiri zoti ndikuuzeni, za m'basi muja pobwera, za ku chipatala, za mmene ndinagwera m'ngalande tsiku loyamba kuyesa mwendowu. Anthu a kuno sadziwa Mavuso, sadziwa komponi, ukawauza amangoti eya. Ndinkasungira inu. Ndiye tsiku lomaliza kumabwera mwana ndi phukusi." Anakweza maso. "Shuga ndicheza naye bwanji, alamu?"

Ndinadikira nthabwala. Ndinawadziwa a Fanuel moyo wanga wonse, ndipo sanasiyepo mawu olemera osawapeputsa kumapeto. Ndinaima pamenepo nditagwira njinga, galimoto zikudutsa, ndikudikira kuti aseke, kuti nanenso ndipeze popumira.

Sanaseke. Anataya kamtengo kaja, anatambasula dzanja kuti ndiwadzutse, ndipo nditawadzutsa sanalisiye msanga.

"Tiyeni," anatero. "Mzere wa ku chipatala sudikira munthu. Ya m'ngalande ija ndikuuzani tikamabwerera."